Mabokosi Aulere a ku Tiwonenji

Ufumu wa Tiwonenji uli kuseri kwa mapiri atatu. Amene adapitako amasimba kuti msewu wake ndi wosalala kwambiri kuyambira pachipata cha nyumba yachifumu mpaka pamene maso a Mfumu amalekezera ikaima pakhonde. Kupitirira apo aliyense amadzionera yekha. Likulu lake ndi Mpandowanga, ndipo kumunsi kwa likululo kuli msika waukulu wa Tsitsaniko, kumene mwana amayamba kunenerera mtengo asanadziwe kuitana amake.

M'zaka zimene tikunenazi pampando padali Mfumu Dzolamafuta Wachinayi, munthu wokonda kuyankhula kuposa kudya, ngakhale kudyako sankakunyozanso. Dziko lonse lidali ndi wailesi ya kanema imodzi yokha, mlongoti wake uli pamwamba pa phiri. Chithunzi chinkabwera ndi mchenga, koma chinkabwera chaulere. Ukangopinda waya n'kuukoleka pansungwi, basi waonera. Loweruka lililonse Mfumu inkayankhula kwa maola anayi, ikamaliza kunkabwera mpira. Motero dziko lonse linkakhala pansi kudikira mpirawo, ndipo Mfumu mtima unkakhala m'malo poganiza kuti anthu ake amaikonda koopsa.

Pamsika wa Tsitsaniko padali nyumba yamalata yoonetseramo kanema ya Mayi Nachisale. Mayiwa adaphunzitsapo Sitandade 5 kwa zaka khumi ndi zisanu, choko chitawatopetsa adagula kanema wamkulu ndi mabenchi asanu ndi atatu. Nthawi ya mawu a Mfumu ndiyo inkawayendera bwino, chifukwa munthu wodikira sachedwa kumva njala, ndipo zitumbuwa zawo zinkatha Mfumu isanafike pa mfundo yachiwiri. Khomo loyandikana nalo kudali a Lufeyo Katsabola, okonza mawailesi, amene ankatha kudzutsa kanema woti mwini wake wamulira kale maliro.

Tsiku lina kubwalo la nduna kudafika mlendo wa suti yonyezimira, dzina lake a Mwetulira, nthumwi ya kampani ya Kangaude ya kutsidya kwa nyanja. Kampaniyi inkapanga mapulogalamu a makompyuta ndi mabokosi oonerera kanema, ndipo ankati ndi yolemera kuposa maufumu khumi ndi awiri kuphatikiza ng'ombe zawo. Pambuyo pa mlendoyo padali amuna awiri akukankha wilibala, m'wilibalamo muli mapepala a mgwirizano.

"Mwinidziko," adatero a Mwetulira atagwada, koma atayamba ayala kansalu pansi, "ife sitinabwere kudzagulitsa kanthu. Tabwera kudzapereka. Banja lililonse lilandira bokosi laulere la matchanelo osawerengeka. Nyumba yachifumu tiiikira makompyuta ndi mapulogalamu athu, mpaka chipata chizitseguka chokha. Chomwe tikupempha n'chaching'ono. Mlongoti wakale uja ugwetsedwe, chifukwa ukusokoneza mphepo."

Nduna ya Mauthenga ndi Zouluka M'mphepo, a Chivomerezi, idaimirira. Munthu ameneyu m'moyo wake wonse adakanapo kamodzi kokha, ndipo tsiku limenelo sadamve bwino funso. Adayankhula kwa ola lathunthu, nafotokoza kuti dziko lopanda bokosi lili ngati bokosi lopanda dziko. Nduna zinzake zidawomba m'manja, mpaka ina idadzidzimuka kutulo n'kuwomba nawo.

Mfumu idayang'ana wilibala ija, n'kufunsa funso limodzi lokha. "Nkhope yanga izioneka bwanji?"

"Ngati mwalowa nokha m'nyumba ya munthu aliyense, Mwinidziko. Komanso pulogalamu yathu imachotsa makwinya ndi zaka khumi."

"Sizingafike khumi ndi zisanu?"

"Kwa inu, Mwinidziko, zitheka."

Mfumu idasayina patsamba lomaliza. Masamba enawo adabwezedwa m'wilibala momwe adabwerera, osapindika ngakhale pangodya. M'mawa mwake lamulo lidatuluka, mlongoti udagwetsedwa, ndipo amisiri adaugula n'kupangira mbaula.

Malole a Kangaude atafika pamsika, anthu adavina. Mayi Nachisale adalandira bokosi lawo n'kuthamangira nalo kwa mnansi wawo.

"Mwaona, a Katsabola? Chaulere!"

A Katsabola adalitembenuza bokosilo, kufunafuna potsegulira, osapaona. "Ndaona, mayi. Nayonso nsomba nyongolotsi ya pambedza siigula."

"Inu mumakayikira ngakhale mvula ikukugwerani pamutu."

Kwa miyezi itatu zidali ngati Mayi Nachisale ndiwo adanena zoona. Chithunzi chidayera mpaka anthu ankawerenga thukuta la goloboyi. Mpira unkaonetsedwa nthawi yake, popanda kudikira aliyense. Mayiwa adawonjeza mabenchi anayi ndi kugula chidebe chachikulu cha zitumbuwa. Koma tsiku loyamba la mwezi wachinayi makanema onse a m'dzikomo adasanduka obiriwira, ndipo padatuluka mawu akuti: "Wokondedwa kasitomala, zikomo pokhala m'banja la Kangaude. Kuti mupitirize kukhala m'banjali, lipirani."

"Banja lanji lolipira mwezi ndi mwezi?" adafunsa a Nangozo, ogulitsa tomato. "Ngakhale apongozi anga safika pamenepo."

Matchanelo adagawidwa m'maphukusi atatu. Phukusi la Nyerere, lotsika mtengo, lidali ndi mapemphero a m'mamawa ndi pulogalamu yophunzitsa kuchotsa chipale chofewa pakhomo, m'dziko loti chipale sichidagwepo. Phukusi la Mbuzi lidali ndi chigawo choyamba cha mpira. Wofuna kudziwa kuti mpirawo watha bwanji ankayenera kugula la Njovu. Rimoti nayo inkalola mabatire a Kangaude okha, a ngodya zitatu. Anthu atayesa kubwerera ku waya ndi nsungwi zawo, adapeza kuti m'mphepo mulibe kanthu, popeza mlongoti udali ukuwotcha chimanga m'misewu.

A Katsabola adasula kachitsulo n'kutsegula bokosi limodzi kuti aone ngati lingamve mankhwala awo. Sabata yomweyo a Chivomerezi adalengeza Lamulo Loteteza Mabokosi kwa Eni Ake. Apolisi adafika, ndipo popeza m'chitokosi mudali modzaza, adasiya munthuyo n'kumanga sikuludiraiva yake. Kuyambira pamenepo bokosi likafa linkapita ku ofesi ya Kangaude, kumene ankaliyang'ana mwachifundo n'kukugulitsa latsopano. A Katsabola adayamba kusoka maambulera, m'chilimwe.

Chidafika chikho cha Mfumu. Mikango ya ku Mpandowanga inkakumana ndi Abakha a ku Tsitsaniko, timu yoti kwa zaka makumi atatu sidafikepo mu ndime yomaliza. Mayi Nachisale adaluma mano n'kulipira phukusi la Njovu. Masana a tsikulo nyumba yawo idadzaza mpaka ena adakhala pamawindo, ena akusuzumira m'mabowo a misomali. Mphindi yomaliza, zigoli zili chimodzi kwa chimodzi, Abakha adapatsidwa penate. Womenya adabwerera m'mbuyo, adathamanga, mwendo udakwera m'mwamba, ndiye kanema adati biriwiri, mawu n'kutulukira.

"Mapenate tsopano akupezeka m'phukusi latsopano la Njovu Yaminyanga."

Mabenchi asanu adathyoka tsiku limenelo. Kondakitala wa minibasi ina adati chalowa, wa minibasi ina adati goloboyi wagwira, ndipo mpaka dzuwa kulowa theka la msika linkavina, theka lina likulira. Mayi Nachisale adakhala pa benchi ina yotsala, chitenje chili kumaso. Chidawapweteka si mabenchi ayi, koma kuti anthu amene adawaphunzitsa kulemba mayina awo adatuluka akuwatchula kuti wakuba.

M'mawa mwake adatsogolera amalonda anzawo kukadandaula kwa a Chivomerezi. Ndunayo idavomereza zonse zimene adanena, monga idavomerezera zonse zimene a Mwetulira adanena dzulo lake, ndipo idakhazikitsa Komiti Yofufuza Chifukwa Chimene Anthu Akudandaulira Pamene Zinthu Zili Bwino. Komitiyo idakakhala kuhotela milungu isanu n'kubwerako ndi yankho lakuti mankhwala ake ndi mpikisano. Motero kudaitanidwa kampani ina yotchedwa Chiswe, ya malaya achikasu ndi mabokosi obulungira.

Anthu adavinanso, ngakhale mosatukula miyendo kwenikweni. Posakhalitsa makampani awiriwa adagawana mpira mwaulemu, chigawo choyamba kwa Kangaude, chachiwiri kwa Chiswe. Munthu ankafunika mabokosi awiri, marimoti awiri ndi mtima umodzi wolimba. Patatha miyezi iwiri Kangaude idagula Chiswe yonse, ndi mipando yomwe. Mayi Nachisale atapita ku ofesi ya Chiswe kukadandaula za bokosi lobulungira lomwe linkangozima, adapeza a Mwetulira atakhala kuseri kwa tebulo, atavala malaya achikasu.

"Kodi si inu a Kangaude, bambo?"

"Lolemba mpaka Lachitatu, mayi. Lero ndi Lachinayi."

"Nanga mpikisano uja uli pati?"

"Ulipo, mayi, woopsa. Ndimapikisana ndekha mpaka mutu kupweteka."

Zonsezi Mfumu sinkazidziwa, chifukwa kunyumba yachifumu kudali phukusi lapadera lomwe silinkazima. Koma tsiku lina, pofuna kudzisangalatsa pamaso pa nduna zake, idaitanitsa a Mwetulira.

"Ndamva kuti mabokosi anu amadziwa chimene munthu aliyense akuonera. Tauzani bwalo lino, ndi anthu angati adamvera mawu anga Loweruka lapitali?"

A Mwetulira adayang'ana pafoni yawo. "Khumi ndi awiri, Mwinidziko."

"Zikwi khumi ndi ziwiri?"

"Anthu khumi ndi awiri. Asanu ndi awiri mwa iwo ali m'chipatala, ndipo rimoti idali patali ndi bedi."

A Chivomerezi adayamba kuwomba m'manja, kenako adaona nkhope ya Mfumu n'kusandutsa kuwombako kukhala kupha udzudzu.

"N'chifukwa chake," adapitiriza a Mwetulira, "tchanelo yanu taichotsa pa nambala wani. Tsopano ili pa 914, pakati pa ya nyengo ya kumayiko ozizira ndi yogulitsa mapoto. Mukafuna kubwerera kutsogolo, tili ndi phukusi labwino la mafumu."

Mfumu idaimirira mpaka mpando udagwa chagada. Idalamula mlembi wake kuti alembe kalata yothamangitsa Kangaude m'dzikomo dzuwa lisanalowe. Mlembiyo adakhala pakompyuta n'kulemba kuti, "Tikukuthamangitsani." Pulogalamu idakonza yokha, padatuluka, "Tikukuthokozani." Adafufuta n'kulemba kuti, "Chokani." Padatuluka, "Khalani." Atayesa kachitatu, kompyuta idati ikudzikonza, adikire, asaizimitse.

"Zisiyeni!" idakuwa Mfumu. "Itanani dziko lonse kubwalo la zamasewera. Ndikawauza ndi pakamwa pangapa kuti aphwanye mabokosi onse."

A Mwetulira adatsokomola mwaulemu, natumiza uthenga kuti wilibala ija ibwere. Adafukula mpaka chapakati n'kusolola tsamba limodzi. "Pepani, Mwinidziko. Pano palembedwa kuti mawu a Mfumu, akamveka kwa anthu opitirira khumi nthawi imodzi, ndi katundu wa Kangaude kwa zaka zana limodzi kuchotsapo chimodzi."

"Ndikaphwanya?"

"Makompyuta onse azima okha. Chipata sichitseguka. Malipiro a asilikali satuluka. Komanso ndandanda wa masiku obadwa a akazi anu asanu ndi awiri uli momwemo."

Pa za asilikali Mfumu sidagwedezeke. Pa za ndandanda idafunafuna mpando, ndipo poti udali udakali chagada, idakhala pa masitepe. Koma a Dzolamafuta adali munthu woti kumuletsa kuyankhula kudali ngati kumutseka mphuno.

"Mwati khumi?" idatero potsiriza. "Chabwino. Ndiziwayankhula khumikhumi."

Ndimo mmene Mfumu ya Tiwonenji idatsikira koyamba ku msika wa Tsitsaniko. Galimoto idalekezera pamene pamathera phula, kwinako idayenda pansi, nsapato zake zoyera zikudziwana ndi matope a kumsika wa nsomba. Asilikali adazinga bwalo laling'ono ndi chingwe n'kulowetsamo anthu khumi oyamba kuwapeza. Mwa iwo mudali Mayi Nachisale, a Katsabola ndi a Nangozo.

Mfumu idafunyulula mapepala ake. "Anthu anga okondedwa, m'chaka chimene agogo a agogo anga adawoloka mtsinje wa..."

A Nangozo adakweza dzanja. "Pepani, Mwinidziko. Zimenezi zitenga nthawi yaitali bwanji? Tomato wanga ali padzuwa."

Mfumu idatembenuza mapepala ake kufunafuna yankho. Kwa zaka makumi awiri inkayankhula kwa kamera, ndipo kamera sidafunsepo funso.

"Komabe zikomo pobwera, Mwinidziko," adatero a Katsabola, chipewa chili m'manja. "Tatsimikiza kuti muli moyo. M'bokosi muja mumaoneka wamng'ono kwambiri, ena timayesa mudatisiya, akulamulira ndi mwana wanu."

Asilikali adayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Apo Mayi Nachisale adasendera kutsogolo n'kupinda mawondo mwaulemu.

"Mwinidziko, ine funso langa ndi limodzi. Wilibala ija mudaiwerenga?"

"Mfumu siwerenga, mayi. Mfumu imasayina."

"Ana anga a Sitandade 5 akandiyankha choncho ndinkawagwaditsa panja mpaka belu."

A Chivomerezi, amene adaima kunja kwa chingwe, sadadziwe woti amuvomereze, ndipo adangogwedeza mutu mozungulira. Mfumu idawayang'ana mayiwa, idayang'ana nyumba yawo yamalata ndi mabenchi othyoka omwe adaunjikidwa pakhomo, idayang'ananso maambulera a a Katsabola ali ndandanda padzuwa lowotcha. Kenako idapinda mapepala ake n'kuwaika m'thumba.

"Sindigwada," idatero motsitsa mawu, "mawondo anga ndi achifumu, komanso amapweteka. Koma tandiuzani, chidachitika n'chiyani kuno?"

Adaiuza. Adaiuza za penate, za mabatire a ngodya zitatu, za chipale. Mfumu itamva kuti m'chitokosi muli sikuludiraiva yomwe yakhala miyezi isanu osaonekera kukhoti, idalamula pomwepo kuti itulutsidwe ndi kuti lamulo lija lifafanizidwe. A Chivomerezi adati iwo adaliona kale kuti ndi lamulo loipa.

Tsiku limenelo Mfumu idayankhula ndi magulu asanu ndi limodzi. Mawa lake idabweranso, ndi mkuja womwe. Podzatha milungu iwiri mawu ake a maola anayi adafupika mpaka ziganizo zitatu, lamba wake adabooledwa bowo latsopano poti mimba idaphwa, ndipo idayamba kudziwa kuti funso la wogulitsa makala siliyankhidwa ndi mbiri ya agogo. Anthu ankabwera kuchokera kumidzi yakutali kudzaona Mfumu ikufunsidwa. Popeza m'chingwe munkalowa khumi okha, ena onse ankakwera m'mitengo yozungulira. Wantchito wa Kangaude akabwera kudzawawerenga, ankamuuza kuti, "Ife sitikumvera ayi, achimwene, tikuthyola mango." Mitengoyo idali ya bulugamu.

Mwezi umenewo anthu ambiri sadalipire phukusi lililonse. Padalibe wowauza kuti aphwanye mabokosi. Ankangowafunditsa kansalu n'kuikapo maluwa, chifukwa zosangalatsa zidali pamsika. Zitumbuwa za Mayi Nachisale zidayambanso kutha, ndipo mabenchi awo, atakhomedwa, ankabwerekedwa ndi okalamba osatha kukwera mitengo.

Kutsidya kwa nyanja akuluakulu a Kangaude adaona kuti ku Tiwonenji makanema azima, ndipo adaimbira foni nthumwi yawo. Lachiwiri lotsatira a Mwetulira adatulukira pamsika, wilibala yatsopano ili pambuyo. Adadikira mpaka adalowa m'gulu la khumi.

"Mwinidziko, tabwera ndi mphatso. Mgwirizano wakale uja tiung'amba lero lomwe. Tikungopempha kuti zimene mukuchita panozi tizizijambula. Pulogalamu yake tiitcha Mfumu Pamsika, ikhala pa nambala wani, ndipo idzaonetsedwa m'mayiko makumi anayi."

"Makumi anayi?" Maso a Mfumu adawala. Dzanja lake lidayamba lokha kufufuza cholembera m'thumba la malaya.

Mayi Nachisale, amene adali pafupi ndi chidebe chawo, adatsokomola mmene ankatsokomolera mwana akamasuzumira pepala la mnzake pamayeso. Dzanja la Mfumu lidaima.

"Mwinidziko, mwina tiyambe tamva zomwe zalembedwamo."

"Ndi masamba mazana anayi okha, mayi," adatero a Mwetulira, "ndipo ambiri ndi mawu a mwambo chabe. Palibe amene amawerenga zimenezi."

"Ndiye tikhala oyamba. Mawu anga ine sadagulidwe ndi munthu, ndingathe kuwerengera msika wonse."

Mfumu idayang'ana cholembera, idayang'ana anthu a m'mitengo, n'kuchibweza m'thumba pang'onopang'ono ngati munthu wobweza nyama m'mbale alendo atamuona. Idalamula kuti mgwirizanowo uwerengedwe mokweza pamsika, tsamba limodzi patsiku, malonda akayamba kuzizira, ndipo pasapitirire mzere uliwonse mpaka aliyense atamvetsa. Idalamulanso kuti nthumwi ya Kangaude izikhalapo kuti iziyankha mafunso.

Mpaka lero kuwerengako kukupitirira. Dzuwa likapendeka Mayi Nachisale amakwera pa benchi, magalasi ali pamphuno, Mfumu ili pampando wake kutsogolo, a Mwetulira atakhala pa ndowa yovundikira, suti itatuwa ndi fumbi. Apaulendo ochokera kumeneko akuti afika patsamba 61, ndipo akhala pamenepo milungu itatu. Pamzere wachinayi palembedwa kuti kampani idzakhala ndi ufulu wojambula Mfumu, msika, anthu ake, ndi zina zotero. A Nangozo akana kuti atembenuze tsamba mpaka a Mwetulira atatchula zinazo, chimodzichimodzi.